Bwalo la Mipando ya Makatoni

Ine kuyenda ndinayamba kale, mwana ali kumsana. Chaka musandifunse. Zaka zanga zinasakanikirana ngati nyemba ndi khobwe m'lichero limodzi. Chimene ndikudziwa n'choti ndinachoka m'mudzi wina wa mitengo ya mango, kumene ndinali pa chitengwa, nditabereka Enelesi.

Enelesi anali mwana wanga mmodzi yekhayo. Anabadwa osalira, ndipo khosi lake silinalimbe. Anzake anakhala, anakwawa, anayamba kuthamangitsa nkhuku, iye ali chigonere pamphasa, manja atafumbata. Koma maso ake, abale inu, ankamva zonse. Ukamunena ankadziwa.

M'mudzi umenewo munali kachitidwe kake. Mlendo akangotulukira panjira, apongozi anga ankati, "Make Enelesi, kamulowetseni." Ine n'kumunyamula, n'kukamugoneka kuseri kwa chitseko, n'kubwera kudzayalira alendo pamalo pomwe anagona mwana wanga. Sikuti ankamuda ayi. Ankati ndi ulemu, mlendo asamadye akuona dovu. Tsiku lina kunabwera alendo a nkhani za ukwati, anakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nditalowa m'nyumba ndinapeza nyerere zitamuzinga kukamwa, iye ali duu, maso ali kudenga. M'mawa mwake ndinamubereka ndi nsalu ziwiri n'kuuyamba. Bambo ake anandiperekeza ndi maso basi.

Ndinafika m'mudzi wa pansi pa phiri, kwa munthu wotema mphini. Anamutema Enelesi m'mawondo, m'zigongono, pamsana. Ndinamulimira munthu ameneyo dzinja lonse. Pokolola anati mwanayu anachita kumangidwa, ndipo mankhwala omasulira ali kwa mkulu wake kutsidya. Ndinaoloka. Kutsidyako ndinapeza mudzi wina wa pansi pa phiri, munthu wina wotema mphini, ndevu zomwezo, mawu omwewo. Nayenso anali ndi mkulu wake kutsidya lina. Kumeneko ndinaphunzira kuti ukamafuna chinthu ndi mtima wonse, aliyense amakhala ndi m'bale wake kutsogolo woti akutumizeko.

Kenako kunali ku munda wa fodya wa bwana wina amene sitinamuonepo nkhope. Ndinaphunzira kusoka fodya, Enelesi atagona pansi pa chigafa. Anakulira kumsana kwanga mwana ameneyo. Mapazi ake anayamba kundigunda kuseri kwa mawondo ndikamayenda. Akapitawo ankati, "Mayi, mwabereka mnzanu?" Ine ndinkati, "Eya, mawa andibereka ndi iyeyu." Enelesi n'kuseka kumsanako, thupi lonse gwedegwede, mpaka ine kugwira mtengo kuti tisagwe tonse.

Mpaka tsiku lina tinafika m'tauni ya chipatala cha pamtunda. Kuseri kwa chipatalacho, pansi pa kashedi, panali bambo wa ndodo ziwiri, che Bwanali, atazunguliridwa ndi makatoni a sopo. Ndinaima kupempha madzi. Iwo anayang'ana kumsana kwanga.

"Mayi, mwana ameneyo amaona chiyani tsiku lonse?"

"Amaona zimene ndikuona ine."

"Bodza. Akakhala kumsana amaona khosi lanu. Akagona pansi amaona mapazi a anthu. Tamutsitsani timuyeze."

Anamuyeza ndi kachingwe, kuchokera m'chiuno mpaka paphewa, kuchokera pabondo mpaka kuchidendene, akumanga mfundo. Ndiye anayamba kumupangira mpando, kudula makatoni ndi kampeni, kuwasanjikiza, ina mizere itagona chonchi, ina chopingasa. Ankamata ndi phala la ufa wa chinangwa, lamadzimadzi ngati la khanda, pamwamba n'kukuta ndi mapepala a matumba a simenti, n'kutsindira ndi njerwa. Zikauma padzuwa zinkalimba ngati thabwa. Pakati pa miyendo anaikapo kachipika kuti munthu asatsetsereke, kutsogolo kathebulo.

Tsiku limene tinamukhazika, Enelesi anayang'ana mayi wogulitsa nthochi, anayang'ana njinga ikudutsa, kenako anakuwa chikuwe chimene sindinamvepo. Ndinathamanga kuti ndimuchotse.

"Musiyeni," anatero che Bwanali. "Akulonjera tauni."

Ndinakhala pa shedi imeneyo nthawi yaitali ndithu, ndikutakasa phala, ndikudula, ndikulakwitsa. Che Bwanali sankanyengerera. "Make Enelesi, uwu ndi mpando kapena chisa cha nkhuku?" Ndi iwo anandiphunzitsa kuti munthu wotere sadyetsedwa ali chagada, chibwano chiziyang'ana pansi, supuni izichokera m'munsi, ndipo udikire ameze ngakhale iwe njala ikukupotokola.

Enelesi anandisiya m'tauni ina ya njanji, nthawi yozizira. Chinali chifuwa. Tinamuika kumanda a anthu obwera. Amayi a mpingo amene sankandidziwa anabwera kudzaimba, ndipo mmodzi ataona bokosi anandinong'oneza, "Pepani mayi, kodi anali mwana kapena wamkulu? Tidziwe nyimbo zake." Ndinati anali namwali.

Ndinapitiriza kuyenda. Miyendo inali itazolowera. Ndinkayenda chowerama ngakhale kumsana kunalibe munthu, ndipo ndikafika pakhomo lopapatiza ndinkalowabe cham'mbali kuopa kumugunditsa mutu. Midzi inkabwera n'kupita. Wina wa nsungwi, wina wa njerwa zootcha, wina umene agalu onse anali oyera. Sindikumbuka zimene ndinkadya.

Ndinaima pa kamsika kena ka chigayo chimodzi. A mpingo anandibwereka kanyumba ka bwalo lalikulu, pakati pali mtengo wa bwemba. M'mawa uliwonse popita kumjigo ndinkadutsa nyumba ina yokhala ndi loko pachitseko, ndipo m'katimo munkamveka munthu akung'ung'udza nyimbo za m'tchalitchi, mawu osatuluka koma chuni chili chomwecho. Mwini nyumbayo anali Nangozo, mayi wogulitsa tomato. Ndinamupeza pa benchi yake.

"Mayi, mukakiya m'nyumba mwanu mumatsala munthu."

"Ndikudziwa, agogo. Ndi mwana wanga, Mafunase. Mukufuna ndizimuyala pano pamodzi ndi tomato?"

"Bwanji osasiya chitseko chotsegula, aziona kunja?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anatsitsa mawu. "Ndi namwali uja, agogo. Sayenda, sayankhula. Kuchigayoko kuli anyamata. Tsiku lina ndinapeza wina ali pakhonde, akuti amapempha moto."

Ndinati, "Muzibwera naye kwanga m'mawa, muzidzamutenga madzulo."

Ndinapempha makatoni m'magolosale, ndinamuyeza ndi kachingwe, ndinamumatira mpando. Mafunase atakhala pansi pa bwemba uja ndi pamene tinadziwa kuti ndi munthu wamatama. Phala lopanda nsinjiro ankalilavula. Ankafuna kulukidwa tsitsi Loweruka lililonse, ndipo munthu akapunthwa pabwalo ankaseka mpaka kutsamwa. Ine ankandiitana "Oo-o," ndiye kuti agogo.

Mbiri inayenda. Anayamba kubwera ena, wina pa njinga, wina pa wilibala, wina kumsana ngati mmene ndinkachitira ine. Ana amene anansi awo sankadziwa n'komwe kuti alipo. Aliyense ndinkamumatira mpando wa msinkhu wake. Amayi awo ankasinthana, ena atsale kundithandiza, ena apite kumunda kapena kumsika. Anthu anangoti kwa agogo a makatoni. Msana wanga unayamba kuwongoka pang'ono.

Ndiye kunabwera bambo wa ku boma, wa njinga yamoto. Anavula chisoti chake, anapereka moni bwinobwino, anayang'ana mipando yonse.

"Agogo, izi mukuchita apazi ndi bungwe."

"Ayi bambo, ndi bwalo."

"Mukamasunga ana a anthu ena, aulumali, tsiku ndi tsiku, ndi bungwe limenelo. Ndipo bungwe limafuna satifiketi ya boma. Popanda imeneyo tidzabwera kudzatseka."

Sanali munthu woipa. Anandiuza kuti kwina kwake munthu anasonkhanitsa ana otere, n'kumawajambula zithunzi zopemphera thandizo, iye akunenepa anawo akuonda. Anati lamulolo linabwera chifukwa cha anthu ngati amenewo. Ndinati ndamva, nanga satifiketiyo imagulitsidwa kuti? Anaseka. Anati sigulitsidwa, imapemphedwa.

Ndi mmene ndinayambiranso kuyenda, ulendo uno kumsana kulibe munthu, m'manja muli jumbo ya mapepala.

Pa boma panali nyumba ya chitseko chobiriwira, yokwera ndi masitepe. Ndinawakwera ndikupumira, ndikudzifunsa kuti eni nkhaniwo, aulumaliwo, amakwera bwanji. M'khonde munali benchi yaitali ndi mesenjala wa malaya a khaki. Anati akuluakulu apita ku msonkhano, ndibwere Lolemba. Lolemba anandipatsa fomu ya Chingerezi. Ndinapita nayo kwa aphunzitsi a pa sukulu ya kwathu, iwo akuwerenga, ine ndikuyankha.

"Apa akufunsa masomphenya a bungwe lanu."

"Masomphenya? Auzeni kuti ine si mneneri."

"Agogo, ndiye kuti mukufuna chiyani kutsogoloku?"

"Ndikufuna Mafunase asamakiyiridwe."

Aphunzitsiwo analemba mizere yambiri ndithu. Kaya analembamo Mafunase, kaya.

Anati pafunika komiti, tinasankha komiti pansi pa bwemba, Nangozo kukhala wapampando. Anati pafunika malamulo a bungwe olembedwa, tinalemba. Anati pafunika kalata ya a zaumoyo, a zaumoyo anati ayambe aona kalata ya a chitseko chobiriwira. Kenako anati zonsezi zikadindidwe ku tauni yaikulu.

Ku tauni yaikulu ndinapeza nyumba ya chitseko chobiriwira, yokwera ndi masitepe. Benchi yomweyo. Mesenjala wa malaya a khaki, nkhope yokha ndiye inali ina. Anati wosunga chidindo wapita ku maliro. Ndinagona kwa mayi wina wa mpingo, ndinabwerera, maliro anali atasanduka msonkhano. Atadinda anati zipite ku likulu. Ku likulu misewu yake ndi yozungulira, umabwerera pomwe wachokera osadziwa. Kumenekonso chitseko chinali chobiriwira. Mtsikana wa pa windo, zikhadabo zofiira, anati, "Fayilo yanu ikuyenda, agogo." Ndinati nanenso ndikuyenda, mwana wanga, koma bwanji sitikukumana?

Pa mabenchi amenewo ndinadziwana ndi anthu. Ena anali ndi zikwama zonyezimira, mabungwe a mayina aatali, galimoto zili panja. Mnyamata wina wa tayi anandifunsa kuti ndikusunga ana angati. Nditamuuza anasendera pafupi.

"Agogo, tsiku lodzatiyendera ifeyo, simungatibwerekeko angapo? Tidzawabweza madzulo omwewo."

Ndinati, "Bambo, mukuyesa mipando ya pa ukwati?" Anasamukira kumapeto kwa benchi.

Mvula inabwera, inapita. Tsiku lina uthenga unafika woti oyendera akubwera, Mayi Chikaonda, kudzaona ndi maso ngati zolembedwa zija zili zoona. Ndinasonkhanitsa amayi. Ndinati, "Kukubwera alendo a boma. Tikonze pakhomo, pasaoneke chochititsa manyazi." Onse anavomera. M'mawa wa tsikulo ana anabwera monga mwa masiku onse, ndinawakhazika, ndinasiya zonse m'manja mwa Nangozo, ine n'kupita ku mphambano kukadikira galimoto, poti njira ya kwathu ilibe chikwangwani.

Galimoto inafika dzuwa lili pamutu. Mayi Chikaonda anali mayi wamfupi wa magalasi ndi ndolo zazikulu. Anandikweza kutsogolo. Njira yonse ndinkamuuza za Mafunase, za phala la nsinjiro, iye akumwetulira.

Titakhota pa chigayo ndinamva nyimbo. Amayi anali atandanda pa mzere, zitenje zofanana, akuomba m'manja. Bwalo linali losesedwa mpaka mizere ya tsache kuoneka. Khonde lozira. Mipando ya makatoni ili pa mzere, uliwonse atauyalira kansalu koluka. Pambali nkhuku ya mphatso, yomanga miyendo. Mwana ndi mmodzi yemwe panalibe.

Mayi Chikaonda anatsika, anadikira nyimbo ithe.

"Zikomo amayi. Nanga ana ali kuti?"

Nangozo anagwada, manja pamodzi. "Tawachotsa, bwana, kuti mukhale momasuka."

Ine ndinakuwa, "Mwawapititsa kuti? Katengeni! Thamangani!"

Anali atawagawa m'nyumba za anansi, ena kuseri kwa tchalitchi. Amayi anabalalika. Koma Mayi Chikaonda anakweza dzanja.

"Agogo, ndimvetseni. Kumene ndinali dzana anachita kubwereka ana a m'mudzi wina. Ndikaona akubwera nawo ine nditafika kale, ndikalemba chiyani? Ndimayenera kuwapeza, osati kundibweretsera."

"Mayi, mipandoyi simukuiona? Uwu ndi wa Mafunase, taonani pamene amaluma."

"Mipando ndaiona. Ndi yaukhondo kwambiri."

Dalaivala analiza hutala, anati kuli kwina koti afike mafuta asanathe. Nkhuku anaikana. Pamene mayi woyamba ankatulukira ndi mwana kumsana, akuthamanga, galimoto inali pa chigayo.

Ndinamutembenukira Nangozo. "Mwandiphera ulendo wonse uja! Masitepe onse aja!"

"Agogo, musandikalipire pa anthu. Munati alendo. Munati pasaoneke chochititsa manyazi. Kwanuko alendo akabwera mumatani?"

Ndinakhala pansi pakhonde lozira lija.

"Mafunase anali atadziipitsira," anapitiriza Nangozo. "Ndimafuna bwanayo aone kuti ndinu aukhondo. Ndimafuna akupatseni pepalalo."

Nkhuku ija tinaimasula. Palibe anaifuna.

Ndinabwerera ku chitseko chobiriwira. Mesenjala anali atayamba kundidziwa, ankati, "Agogo a makatoni, mwabweranso? Benchi yanu ndakusungirani." Anati fayilo inalembedwa kuti sanapeze ana, ndiye ndiyambirenso kupempha. Ndinayambiranso. Aphunzitsi aja anali atasamutsidwa, anandilembera ena. Chidindo cha ku tauni yaikulu chinali chitasintha, chakale chija anati sichikugwiranso ntchito. Nsapato zanga zinathera m'misewu yozungulira ija. Nthawi zina ndikawodzera pa benchi ndinkaona ngati nyumba zonsezo ndi imodzi, amangoisuntha usana ine ndili m'basi, kuti ndikaipeze kutsogolo.

Uthenga unabweranso kuti Mayi Chikaonda akubwera. Ulendo uno ndinayankhula momveka. Ndinati, "Boma likufuna kuona ana. Aliyense akhale pampando pake, dovu likhale dovu. Wosesa ndimuthyola dzanja." Ku mphambano sindinapite.

Koma mawu akatuluka pabwalo amamera miyendo. Pofika kutsidya kwa mtsinje anali atasanduka akuti boma likudzagawa njinga za aulumali kwa agogo a makatoni. Kunja kukungoyera anthu anayamba kufika. Agogo osaona atagwirana ndodo. Bambo wa mwendo umodzi. Ana amene sindinawaonepo, ena pa ngolo, ena m'mabasiketi a njinga. Ndikanawabweza bwanji? Ena anali atatuluka m'nyumba koyamba tsiku limenelo. Bwalo linadzaza mpaka kumsewu.

Mayi Chikaonda anatsika n'kuima. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

"Agogo, ulendo watha panalibe ndi mmodzi yemwe. Lero ndi msika."

"Anga ndi awa ali m'mipandowa. Enawa angomva mphekesera."

Anadutsa pakati pa miyendo ya anthu, akulemba. Anafunsa osamalira alipo angati, ndinati ine ndi amayi osinthana. Anafunsa amene anaphunzira ntchitoyi, ndinati ine, kwa che Bwanali. Anafunsa ngati che Bwanali anandipatsa pepala. Ndinati anandipatsa kampeni. Anapita kuchimbudzi, anayeza khomo ndi mikono yake.

"Mtsikana wamkuluyo amalowa bwanji muno?"

"Timamunyamula awiri, cham'mbali."

"Akadzakupulumukani?"

Pamenepo sindinatsutse, chifukwa tsiku lina anatsala pang'ono.

Anabwera pa mpando wa Mafunase, ananjuta, anaugogoda ndi chala. Mafunase anaponya dzanja n'kugwira ndolo yake. Mayiyo anati "Mayo!" kenako anaseka, Mafunase nayenso kuseka, mpaka Nangozo anabwera kudzawalekanitsa akupepesa. Mtima wanga unati basi, zatheka.

Anaimirira akusisita khutu. "Agogo, mipandoyi ndaikonda. Koma satifiketi sitipatsa mpando. Kulitsani khomo la chimbudzi, muikemo chogwirira. Pakhonde pakhale potsetsereka. Mmodzi wa amayiwa akaphunzire masabata angapo ku chipatala, abwere ndi pepala. Zikatha tidzabweranso. Koma kufikira tsiku limenelo, tsekani."

"Titseke? Nanga anawa?"

"Abwerere kaye m'makomo. Mukatsegula tisanabwere, nkhani yathera pomwepo, ndipo ine sindidzatha kukuthandizani."

"Mudzabwera liti, mayi?"

"Galimoto ikapezeka."

Anthu a kutsidya anadikira njinga zawo mpaka madzulo. Pochoka ena ananditukwana, akuti ndazibisa m'nyumba.

Zonse tinachita. Amuna a mpingo anaumba njerwa, khomo la chimbudzi linakula moti ngolo ikhoza kulowa. Anazika mtengo wa bulugamu wogwirira. Mtsikana wina wa mu komiti anapita ku chipatala, anabwera ndi pepala la chidindo, tinalikuta ndi pulasitiki. Mipando ndinaisanjikiza m'nyumba. Makoswe anamva fungo la chinangwa, anayamba kuiboola m'makona. Ndinkamata, iwo ankaboola.

Loko anabwerera pa chitseko cha Nangozo. Mayi wina anasamuka ndi mwana wake osatsazika. Wina ndinamva kuti wayambanso kumumangirira mwana wake mwendo ku nsanamira akamapita kudimba. Nangozo ndikamudutsa pamsika ankangoti, "Agogo a satifiketi, yatuluka?" osandiyang'ana, akupanga milu ya tomato.

Ndinakweranso masitepe. Ndinauza kalaliki wa pa boma kuti zonse takonza. Anatsegula fayilo, ulendo uno inalipo, yonenepa ngati mwana wodya bwino. Anati tili pa ulendo wotsatira.

Ndinati, "Bambo, ndifunse nawo. Ulendo woyamba anandikaniza chifukwa sanapeze ana. Tsopano munati titseke. Akadzabwera adzapeza ana ati?"

Anayang'ana fayilo, anayang'ana kudenga. Anaitana mnzake wa tebulo lina, anakambirana m'Chingerezi. Kenako anati, "Agogo, funso limenelo ndi la ku likulu."

Ku likulu mtsikana wa pa windo, zikhadabo tsopano zili zobiriwira, anati funso limenelo ndi la kwanu ku boma. Ndinapempha kuti angondiuza tsiku, ndidzasonkhanitse ana m'mawa umodzi wokhawo. Anati akanena tsiku anthu amabwereka ana, choncho masiku ano amangotulukira.

Ndinabwerera. M'basi ndinkayankhula ndekha, anthu akusuntha.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kukwera masitepe. M'mawa uliwonse Nangozo akakiya n'kupita, ine ndinkapita kukakhala pakhonde pake. Lamulo silinaletse kucheza. Kiyi ankapita naye kumsika, ankati akandisiyira ndidzatsegula, ndikatsegula ena adzabweretsa awo, ndiye a boma adzati tatsegula bungwe pakhomo pake. Pansi pa chitsekocho mvula inadya thabwa, panali mpata wolowa dzanja. Ankamugoneka Mafunase pamphasa pafupi ndi pamenepo. Ndinkalowetsa dzanja, iye n'kuligwira. Ndinkamuuza za kumsika, amene wamenyana ndi mkazi wake, amene wagwa pa njinga. Za kugwazo ndi zimene ankazikonda. Fungo la m'katimo linkandiuza kuti zilonda zayamba m'chiuno.

Linali tsiku lotentha, nthawi imene mango amayamba kuyezuka. Anthu onse anali ku msika waukulu, m'mudzi mwangotsala nkhuku. Ndinamva kulira kwa galimoto. Inatulukira pa chigayo, yoyera, ndipo pa windo ndinaona magalasi ndi ndolo zija.

"Mayi Chikaonda! Mayi! Kuno!"

Mawindo anali otseka. Inadutsa, inakhotera kwanga.

Ndinati ndidzuke. Dzanja linakana. Mafunase anali atandigwira zala, ndipo kugwira kwa anthu otere ukakoka ndiye kumalimbirako. Njira yake ndimaidziwa, umapinda dzanjalo pang'ono pamfundo, n'kusisita kumbuyo kwake, zala zimatseguka zokha. Ndinalowetsa dzanja linalo, ndinayamba kusisita. Chala chimodzi chinatseguka. Pamenepo anatulutsa kaliwu kaja amatulutsa m'mawa amayi ake akamatseka loko.

Ndinasiya kusisita. Ndikanathamangira chiyani? Kukawaonetsa chimbudzi?

Kutali ndinamva chitseko cha galimoto, kenako mawu a mayi uja pabwalo langa.

"Odi! Odi kuno! Agogo!"

Mafunase anamva. Anakoka mpweya, thupi lonse linagunda chitseko, anayankha ndi mphamvu zake zonse, "Eeee!"

"Odi!"

"Eeee!"

Nanenso ndinakuwa, koma mawu a nkhalamba safika pa bwemba. Ndinkaona m'mutu mwanga zimene akuona, bwalo la masamba osasesa, khomo lalikulu la chimbudzi, potsetsereka popanda wotsetserekapo, ndi cholembera chikuyenda.

Chitseko cha galimoto chinamvekanso. Inabwerera njira yomweyo, inatidutsa osachepetsa liwiro. Ndinaimika dzanja limene linali kunja. Dalaivala anaimikanso lake, kundibwezera moni.

Fumbi litatsika ndinali pomwepo, dzanja limodzi kunja, lina m'kati, Mafunase akuyankhabe.